Madzi a shuga a choso amathera kuti?

Timbalame tija timatchedwa hummingbird timapezeka ku America kokha. Ife kuno tili ndi choso, wa mlomo wautali wopindika, amene nthawi zambiri amamwa timadzi ta maluwa atatera pa nthambi. Kwathu kuno ku Chintheche ndimampachikira botolo lozondotsa la madzi a shuga: kapu imodzi ya shuga woyera, makapu 5 a madzi owiritsa, popanda uchi kapena utoto.

Vuto linayamba mu Okutobala. Botolo lomwe linkatha masiku atatu linayamba kutha tsiku limodzi. Mayi a kunyumba sanabise mawu: ngakhale Dwangwa ili pafupi, shuga sitichita kutola, ndipo zikapitirira botololo litsike.

Ndinayamba kulemba mzere pabotolo m'mawa, masana ndi madzulo. Usiku madzi sankatsika, choncho mileme ndinaichotsa pamlandu. Ankatsika kwambiri kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko, nthawi imene achoso amabwera mwa apo ndi apo. Pansi pake, pamchenga, nyerere zinali bii.

Wakuba anali dzuwa. M'botolo lozondotsa madzi sagwa chifukwa mpweya wotsekeredwa pamwamba pake umakhala wopanda mphamvu poyerekeza ndi wakunja. Mpweyawo ukatentha umafufuma n'kukankhira madzi kukabowo. Botolo likafika theka, mpweya umachuluka, kudontha n'kukulanso. Ndiye amene amagula botolo la malita 2 poganiza kuti apumule, ndi amene amadyetsa nyerere kwambiri.

Tsopano ndimagwiritsa ntchito kabotolo ka mamililita 300, kodzaza mpaka pakamwa, kopachikidwa mumthunzi wa mango. Chivindikiro ndinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinakamanga ndi zingwe ziwiri, chifukwa mwera ukadzayamba mu Meyi chilichonse cholendewera chidzagwedezeka. Pachingwe chapamwamba pali kachitini ka madzi kotsekereza nyerere. Kutentha kwa kunyanja kuno madziwo sachedwa kusasa, motero ndimatsuka ndi kusintha pakapita masiku awiri.

Watsala ndi pumbwa. Ameneyu amamwa ngati walipira, n'kuthamangitsa choso wamwamuna wa chifuwa chofiira uja. Mayi akuti ndichepetse kabowo kuti mlomo wake usalowe. Ndikuchedwa nazo dala, poti nayenso amandidzutsa bwino m'mawa.