Nkhafi Isatuluke M'madzi

Kwathu ndi ku Chipata, kumene mitsinje yambiri timawoloka titangopinda buluku. Ku Livingstone ndinabwera ndili mnyamata, ndipo ntchito yanga yoyamba inali yosenza mabwato opopa, nkhafi ndi zisoti, kutsika nazo mu Batoka Gorge m'mawa, kukwera nazo madzulo. Patapita zaka anandipatsa bwato loti ndiziliwongolera. Lero ndimapalasa ndi alendo pa Zambezi, kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, njira imene a kampani ya Sobek anaitsegula mu 1981.

Madzi akachepa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka kumapeto kwa chaka, timayambira pa Boiling Pot, mlatho wa 1905 uli pamwamba pathu. Pamenepo ndimakhala ndi mphindi zochepa zophunzitsa anthu amene ena sanagwirepo nkhafi chibadwire.

Timayamba ndi kakhalidwe. Munthu amakhala pachubu cha m'mbali, phazi limodzi atalipanikiza pansi pa chubu chopingasa. Phazi limenelo ndiwo muzu wake. Dzanja lina limagwira pamutu pa nkhafi, lina cha m'munsi, ndipo la pamutulo lisachoke zivute zitani, pakuti mutu wa nkhafi ukasiyidwa umagulula mano a mnzako.

Wophunzira aliyense amapalasa ndi mikono yokha. Amapinda zigongono n'kumakanda madzi pamwamba, ndipo tisanafike pa malo a mafunde otchedwa Morning Glory mapewa ayamba kale kuwotcha. Ndimawafotokozera za amayi anga akamasinja. Munsi sunyamulidwa ndi manja okha: mphamvu imachokera m'ntchafu ndi m'chiuno, manja amangoperekeza. Nkhafi nayo ndi choncho. Weramira kutsogolo mikono ili yowongoka, zika nkhafi m'madzi, ndiye ubwerere ndi msana wonse.

Koma zonsezi n'zapafupi poyerekeza ndi mantha. Funde likaima kutsogolo ngati chipupa, monga limachitira pa Stairway to Heaven, thupi limadzichitira lokha zofuna zake. Mutu umathawira kumbuyo, nkhafi imazuka m'madzi, kulemera konse kumatsikira kumatako, phazi lija n'kumasuka. Woteroyo ndiye amayamba kugwa. Amene waweramira funde n'kuzikamo nkhafi amakhala ngati ali ndi mwendo wachitatu, ndipo madzi omwe akumuopsezawo ndi amene akumuchirikiza. Mlendo wina wa ku Austria, wophunzitsa anthu kutsetsereka pa chipale chofewa m'mapiri a Alps, anandiuza kuti ophunzira ake nawo amatero: akaona mtsetse amakhalira kumbuyo, nsonga za ski zimapepuka, sathanso kukhota. Chipale chofewacho ine sindinachionepo, koma ndinamumva bwino lomwe, chifukwa msana wothawa umenewo ndimauona tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva wowongolera bwato akukalipira alendo. Mawu aukali amaumitsa thupi, ndipo thupi louma silitha kuyenderana ndi funde. Ine ndimawerenga mokweza kuti nkhafi zonse zilowe pamodzi, wamantha akhale ndi chochita. Pamadzi odekha timabwereza kangapo mpaka chiuno chizolowere chokha.

Ndimawaphunzitsanso kugwa. Ukapezeka m'madzi gona chagada, mapazi aloze kumene madzi akupita, usayese kuima, phazi lingakodwe m'miyala. Pokweza mnzako m'bwato, gwira jekete yake yoyandamitsa pamapewa, kenako udzigwetse chagada kuti kulemera kwako kumukoke. Ndinaonapo mtsikana wochepa thupi akukweza bambo wamkulu mwa njira imeneyi, ndipo iye mwini anatsala kukamwa yasa.

Pa malo a mafunde a nambala 9, Commercial Suicide, timatsika tonse n'kulambalala pamiyala. Tikakweranso sindiyang'ana nkhope zawo, ndimayang'ana misana. Ndikaona kuti yayamba kuwerama pamodzi ndisanalankhule, ndimadziwa kuti pa Oblivion, nambala 18, tikalowa pakati penipeni.