Wopempha Wopanda Mbale: Kalata Yochokera ku New York

Achimwene,

Kuno kuzizira ndiye sikukunyengerera, moti ndikumagona ndi masokosi awiriawiri.

Funso lanu lija, loti kodi mwana wa achemwaliyu amadyera chiyani kuno ku America, ndalipezera yankho. Ndi mlangizi pa zosonkhetsa ndalama. Mayunivesite, malaibulale ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale amamuitana akafuna kumanga, kapena kukhazikitsa thumba lolipirira ophunzira fizi. Nditamva ndinati basi, ndiye kuti ndiwe woyendetsa perekani-perekani, kungoti wa mu ofesi. Anaseka mpaka misozi. Akuti ndalamazo sazigwira n'komwe, ndipo kawirikawiri wopemphayo sakhala iye.

Iye amayamba ndi makutu. Sukulu ikanena kuti ikufuna madola 50 miliyoni, amayendera anthu makumi angapo, ena ophunzira akale, ena a bodi, ena eni chuma, aliyense payekha, n'kumawafunsa zam'khutu: atsogoleri a pano mumawakhulupirira? Inuyo mungaponye zingati? Akatero amabwerera kwa omulemba ntchito aja n'kuwauza zoona zokhazokha. "Amalume," anatero, "tsiku lina ndimayenera kuuza mkulu wa sukulu kuti ndalama akulotazo kulibe, ayambe ndi theka." Taonani, munthu kulipidwa kuti akhumudwitse bwana wake! Mtima wanga unathamangira ku maziko a holo ya kutchalitchi kwathu aja, omwe pano amera nansongole. Tinagula simenti tisanafunse aliyense.

Akagwirizana, zinthu zimayenda mwakachetechete, mwina chaka kapena ziwiri. Amalemba papepala kuti pafunika mphatso imodzi yaikulu zedi, zingapo zapakatikati, kenako zing'onozing'ono zambirimbiri. Amasankhanso woti akagogode pakhomo la uje, chifukwa mpondamatiki amamvera mpondamatiki mnzake amene waponya kale. Pofika tsiku loimba ng'oma kulengeza kwa anthu onse, mwina theka la ndalamazo limakhala lili kale m'thumba. Ife timayambira kung'oma.

Luso limeneli silinayambe dzulo. Mu 1905, Charles Sumner Ward ndi Lyman Pierce posonkhetsa ndalama zomangira nyumba ya YMCA ku Washington anadziikira masiku owerengeka, napachika chiwotchi chachikulu choonetsa pomwe ndalama zafika. Mu 1919 yunivesite ya Harvard inagwiritsa ntchito John Price Jones, yemwe kale anali mtolankhani, ndipo inatolera madola pafupifupi 14 miliyoni. Jones anatsegula kampani yakeyake, ndipo uphungu wotere unasanduka ntchito yodyera.

Loweruka ananditengera ku Lincoln Center, komwe kuli holo ya gulu loimba la New York Philharmonic. Kuyambira 1973 inkatchedwa Avery Fisher Hall, potengera munthu amene anaipatsa ndalama. Mu 2015 David Geffen anapereka madola 100 miliyoni, dzina n'kusintha kukhala David Geffen Hall, ndipo a m'banja la Fisher anapatsidwa madola 15 miliyoni kuti alole dzina la malemuyo lichoke. Apa ndiye sindinavomereze. Dzina la munthu wakufa n'kulichotsa pakhoma ngati kalendala ya chaka chatha? Mwanayo anangoti holoyo inkafunika kukonzedwa ndipo ndalama sizikanagwa kumwamba. Tinatsutsana mpaka musitima, osagonjetsana.

Chomwe ndinamuyamikira ndi malipiro ake. Sadyako gawo la zotoleredwazo. Malamulo a bungwe lawo la Association of Fundraising Professionals amaletsa kulandira pelesenti. Amagwirizana mtengo poyambirira, basi. Akuti ukamadyako, umayamba kukakamiza gogo kuti asaine lero, pamene mphatso yake yeniyeni ikanabwera patapita zaka zitatu.

Usiku womwewo ndinamufotokozera za holo yathu ija. Wandiuza kuti ndikabwera ndidzayendere anthu khumi okha, ndisatenge mbale kapena envulopu, ndikangokhala pansi n'kuwafunsa chomwe chinawagwetsa ulesi. Choncho musanaitanitse Pepa Sande ina, mundilembere mayina awo, ndipo musaiwale amayi a chigayo aja amene anasiya kubwera kumisonkhano.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu.