Maliro amodzi, ng'oma ndi kwaya

Kalekale ku Chifunde, mkulu akatsikira kulichete panalibe zofunsana kuti timuike bwanji. Atsibweni, eni mbumba, ankatuma mthenga kwa amfumu, adzukulu n'kunyamula makasu, ndipo ngati malemuyo anagula njira, usiku kasiyamaliro ankatuluka kudambwe kudzamuperekeza. Pometa, onse ankameta. Mowa wa mpalo ukamafululidwa, banja lililonse linkasonkha chimera.

Mishoni zodziwika zinali kutali, ku Angonia. Akatolika anali ku Lifidzi, a Dutch anatsegula Mphatso mu 1909 koma Apwitikizi anawatsekera mu 1922. Boma la Frelimo litalowa mu 1975 silinakondwere ndi tchalitchi ngakhale dambwe, moti wopemphera ndi wovina onse ankayenda chozemba.

Chinagwedeza midzi ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Anthu anabalalika, ena ku Malawi, ena ku Zambia, kumsasa wa Ukwimi m'dera la Petauke. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kumabwinja kwawo aliyense ndi mpingo wake: uyu wa Reformed, uyu Mboni ya Yehova, uyu Mziyoni, winayo wobadwa mwatsopano. Ana a bere limodzi.

Lero pitani pasiwa mukamve. Mwana wamkazi wavala yunifolomu ya amayi a kumpingo, akuti ng'oma ikangolira kwaya sibwera, ndipo iye adulidwa mgonero. Mlongo wake wa kudambwe akuti, "Achemwali, bambo athu aikidwe ngati nkhuku?" Wamng'ono, wobadwa mwatsopano uja, wakana kumeta, wakana kusonkha chimera, nyama ya pampalo sakhudza. Atsibweni, amene kale mawu awo anali otsiriza, angogwira kuchibwano. Kawirikawiri amagawana nthawi, kwaya masana, gule usiku kapena pampalo, koma mitima imakhala itaphwanyika kale, ndipo ena salonjerana mpaka fodya atagulitsidwa.

Ndimalilakalaka kale lija, koma sindingalipake mafuta. Munali mwabvi womwetsa nkhalamba zoganiziridwa ufiti. Munali kusasa fumbi, namfedwa osafunsidwa maganizo ake. Amene anayamba kukana zimenezi poyera ambiri anali a tchalitchi omwewa, ndipo ankanenedwa kuti ndi amwano, osweka mutu ndi buku. Pa Mateyu 10 Yesu anachenjezeratu kuti chifukwa cha iye anthu a m'nyumba imodzi adzaukirana, tsono akhristu sadabwa nazo. Chimene sakonda kuchikamba ndi cha mayi wamng'ono wa pamitala, amene amasiyidwa ndi ana ake kuti mwamuna abatizidwe. Bamboyo amakhala kutsogolo m'tchalitchi atavala jekete, mayiyo akupalira yekha.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia monga chuma cha anthu onse. Kumapeto kwa Ogasiti, malole amadutsa pa Cassacatiza kupita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ndipo mumakwera akulu a mpingo omwe. Kumeneko amaombera m'manja zilombo, n'kumazijambula ndi foni. Akabwerera kumudzi, mdzukulu wawo akangoonedwa njira ya kudambwe, mlandu wake umakambidwa Lamulungu lomwelo.