Nyumba yopotoka ya Buster Keaton

Ku Rustenburg, pafupi ndi migodi ya platinamu, kuli bambo wina wa ku Mchinji amene amawotcherera zitsulo. M'chipinda chake cha lendi amasunga katoni ya ma DVD a mafilimu akale opanda mawu, makamaka anthabwala za m'banja, amene wakhala akutolera kwa zaka zambiri. Anzake amamuseka kuti amawononga ndalama pogula zithunzi za anthu omwe anamwalira kalekale.

Iye sawatsutsa. Amangowakumbutsa kuti agogo athu opita ku Joni anaonerapo Charlie Chaplin m'makomboni a migodi ya golide m'zaka za m'ma 1920, ndipo Mchewa, Mshangani ndi Mxhosa ankaseka limodzi popanda womasulira. Amanenanso kuti kafukufuku wa Library of Congress wa mu 2013 anapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a mafilimu aatali a ku America a nthawi imeneyo anatayikiratu. Ambiri anawola kapena kupsa, ena anatayidwa dala mafilimu olankhula atabwera. Otsalawo ndi chuma kwa otolera ngati iye.

Komabe filimu imene amaibwereza kawirikawiri ndi One Week ya mu 1920. Buster Keaton ndi Sybil Seely, atangokwatirana, akulandira mphatso ya nyumba yomanga okha, matabwa ake ali m'mabokosi a manambala. Mwamuna wansanje akusintha manambalawo. Nyumba ikutuluka yopotoka, khomo lili m'mwamba, denga losakwanira. Pomaliza sitima ikuiphwanya, awiriwo nachoka atagwirana manja.

Nayenso akumanga nyumba kumudzi, koma kudzera pa foni. Iye amatumiza marandi, mkazi wake ndiye amawerenga njerwa, kukangana ndi amisiri ndi kusunga malata kuti angabedwe. Tsiku lina chithunzi chinabwera pa WhatsApp: zenera lili pamene iye sanafune. Analankhula mokalipa, ndipo kwa milungu iwiri foni inakhala chete. M'masiku amenewo mawu akuti mtchona, amene ankawamvera kwa ena, anayamba kumulasa mtima.

Usiku wina anaoneranso filimuyo, nazindikira chimene sanachione kale: nyumba ya Keaton inali yoipa, koma awiriwo ankakhomera limodzi misomali. M'mawa mwake anaimba foni.

"Amayi a ana, zenera lija lisiyeni pomwepo. Ndibwera pa Khirisimasi tidzaikire limodzi magalasi."

Mkaziyo anakhala kaye chete, kenako anafunsa tsiku la basi.