Kachipangizo ka mu ubongo ndi mwana wanu wodwala khunyu

Angapo mwa inu mwandifunsa za kachipangizo kamene akuti madokotala akunja akuika m'mutu mwa ana odwala khunyu. Funso lanu ndi limodzi: kodi ndi zoona, ndipo kangamuthandize wanga?

Ndi zoona. Mu October 2023, madokotala a pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London anachita opaleshoni mnyamata wa zaka 12 amene ankagwa kambirimbiri tsiku lililonse, nthawi zina mpaka kusiya kupuma. Anamuika m'fupa la mutu kachipangizo kochepa kuposa bokosi la machesi, kokhala ndi timawaya tiwiri tolowa mkatikati mwa ubongo. Paja ubongo wathu umagwira ntchito ndi mphamvu yonga ya magetsi, ndipo mwana amagwa mphamvuyi ikasokonekera mwadzidzidzi. Kachipangizoka kamatumiza timagetsi tochepa usana ndi usiku kuti chisokonezocho chisafalikire. Pofika June 2024, kugwa kwa masana kwa mnyamatayu kunali kutachepa ndi 80 pa 100. Mumvetse bwino pamenepa: kunachepa, sikunatheretu. Palinso kena kakalekale, kamene ku America anakavomereza mu 1997; ako amakaika pansi pa khungu la pachifuwa, waya wake n'kulumikiza ku mtsempha wa m'khosi.

Opaleshoni zoterezi sizichitika m'zipatala zathu za kuno ku Chigwa, ndipo wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama akupezereni kachipangizoka, musagulitse mbuzi zanu. Ngakhale ku London komweko sakaika mwana aliyense. Ndi ka ana amene mankhwala awakanikadi.

Mawu akuti "mankhwala akanika" ndimawamva pafupipafupi, choncho ndikufuna tikhalepo pang'ono. Kuchipatala timatero pokhapokha mwana atayesedwa mitundu iwiri ya mankhwala oyenera mtundu wa kugwa kwake, pa mulingo wokwanira, akumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, koma n'kumagwabe. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse odwala khunyu angathe kukhala osagwa atalandira chithandizo choyenera. Tsono tadzifunsani za wanuyo. Anayamba phenobarbitone ali ndi zaka zitatu, lero ali ndi zisanu ndi ziwiri, thupi lakula, koma akumwabe mulingo womwe uja? Mankhwala a ana timawerengera polingana ndi kulemera kwa thupi. Mwana ameneyu mankhwala sanamukanike, amuchepera ngati malaya. Mukamapita kukatenga ena, pitani naye akwere sikelo, musangotuma mkulu wake ndi kabuku.

Ena munasiya kumpatsa chifukwa anatha miyezi itatu osagwa. Kusagwako ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa kosalekeza. Ena munasiya chifukwa mwana ankangogona, kapena anayamba kuvuta ndi kusakhazikika. Phenobarbitone amachitadi zimenezi kwa ana ena, ndipo simunalakwe kuda nkhawa. Koma alipo enanso monga carbamazepine ndi sodium valproate. Adokotala ndi amene angasinthe, pang'onopang'ono.

Ndipo pali zina zomwe si vuto lanu ayi. Madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu March 2023 anadula misewu, anakokolola mabuku a kuchipatala pamodzi ndi mapilitsi. Masiku ena mumalipira kabaza, kufika kuchipatala, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Ine zimandipweteka kubweza mayi chimanjamanja. Mvula ikamayandikira, funsani ngati angakupatseni a miyezi iwiri, ndipo kabuku ndi mankhwala muzisunga m'jumbo yomanga bwino, pamalo poti mungatole pothawa.

Komabe alipo ana amene makolo awo achita zonse, osaphonya ndi tsiku limodzi, koma mwana akugwabe. Ngati ndinu mmodzi wa makolo amenewa, simunalephere, ndipo mwana wanu sanalodzedwe. Gulani kope. Muzilemba tsiku limene wagwa, nthawi yake, kutalika kwake, ngati anagwedezeka thupi lonse kapena mbali imodzi, ngati anali ndi malungo kapena sanagone bwino. Ngati pali foni yojambula, wina ajambule pamene inu mukumusamalira. Pitani nazo ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo mufunse ngati angakutumizeni kwa madokotala a ana ku Queens ku Blantyre. Kope lotere limamuuza dokotala zambiri kuposa mawu akuti "amangogwa".

Ku Queens komweko kunachitika kafukufuku amene anatuluka mu 2010. Mwa ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, 12 anadzayamba khunyu pambuyo pake. Inu mukudziwa mmene udzudzu ulili kuno kwathu m'mbali mwa Shire. Ndiye neti ija, katemera wa malungo uja amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo mwana akatentha thupi, zonsezi zikutetezanso ubongo wake.

Mwana akagwa, mugonekeni chammbali, ikani chitenje pansi pa mutu, chotsani zomwe zingamupweteke. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Malovu ake sangakupatsireni matendawa, mugwireni osaopa. Zikapitirira mphindi zisanu, kapena akagwanso asanatsitsimuke, nyamukani. Ndipo pamene tikufunafuna mankhwala omuyenera, asakhale yekha pafupi ndi moto, asapite yekha kumtsinje kukasamba, kutunga madzi kapena kuwedza. Zilonda za moto zimene ndimatsuka mwa ana akugwa, zambiri zimachokera pa mafuwa, mayi atangolowa m'nyumba kukatenga ufa.