Ng'ombe imene yabisala m'mawu oti "vaccine"



Tsiku lina kusikelo, agogo ena ochokera cha ku Nathenje anandifunsa kuti: "Anamwino, mdzukulu wanga wawerenga pafoni kuti vaccine ndi mawu a ng'ombe. Ndiye anawa mukuwabaya mankhwala a ziweto?" Amayi ena anaseka, koma agogowo anali atayamba kale kumangirira mwana kumsana kuti azipita.

Mdzukuluyo sananame. M'Chilatini, "vacca" ndi ng'ombe yaikazi. Kale ku England anthu ankaona kuti atsikana okama mkaka amene anatengapo tizilonda ta nthomba ya ng'ombe sankadwala nthomba yoopsa ija. Mu 1796, dokotala Edward Jenner anatenga mafinya pachilonda cha mtsikana wina wokama mkaka n'kupaka pamene anatema mkono wa mnyamata wa zaka 8. Kenako anamupatsa nthomba yeniyeni, koma sanadwale. Mu 1881 Louis Pasteur anapempha kuti dzinalo lizigwira ntchito pa katemera aliyense, polemekeza Jenner. Ng'ombe inangotsala m'dzina basi. Nthombayo inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980.

Ine ndimakonda mawu athu kuposa awo. "Katemera" akuchokera ku kutema, monga mmene amatemera mphini. Makolo athu anatchula zimene ankaona zikuchitika pamkono.

Ndinawafotokozeranso agogowo kuti katemera wa malungo mulibe za ng'ombe. Chinthu chimene chimadzutsa chitetezo cha mthupi amachipanga pogwiritsa ntchito yisiti. Ndipo musaiwale, katemerayu anakhazikitsidwa kuno kwathu, pachipatala cha Mitundu, pa 23 April 2019, Ghana ndi Kenya asanayambe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi jakisoni wachinayi. Mwana amalandira ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, kenako 22. Wa miyezi 22 uja ndiye mumaiwala, chifukwa mwana akayamba kuthamanga kusikelo mumasiya. Popanda ameneyo chitetezo chimachepa msanga. Tsegulani buku la kuchipatala la mwana wanu lero, muwerenge. Ngati pali pamene sipanalembedwe, bwerani naye, sitikukalipirani. Neti nayo musaisiye, katemera yekha sakwanira.

Agogo aja anamasula chitenje, mwana anabayidwa. Potuluka anati akamuuza mdzukuluyo kuti aziwerenga mpaka kumapeto.