Nkhuku Yanga Inasanduka Kiyibodi

Malume pochokera ku Joni anandibweretsera kakompyuta kokwana m'dzanja, Raspberry Pi, kolumikiza ku TV. Vuto, kanalibe kiyibodi. Ndinagulitsa nkhuku yanga yoikira, n'kukwera minibasi pa Mponela, ulendo wa ku Lilongwe.

Mushopu munali makiyibodi awiri opanda nthambo. Yaikulu inali yokongola heve, koma imafuna mabatire ogula komanso mausi yapadera. Inayo inali ngati rimoti, yotchaja pa USB, yokhala ndi posisita chala m'malo mwa mausi. Ndalama ya mabatire ndiziitenga kuti? Kwathu tili ndi kasola, ndiye ndinasankha yaing'onoyo.

Mabatani ake ngothinana, ndimalemba ngati pafoni, koma ndikuphunzira. Agogo okha ndi amene sanandikhululukire. Tsiku lililonse amafunsa, "Iwe, kanthu kakoko kaikira liti mazira?"